Funsani Amalume: makampani akuluakulu akuti ayamba kusamala chilengedwe, zoona izi?

Mwezi uno makalata ndi mamesiji a pa WhatsApp abwera ambirimbiri koma ochuluka akuzungulira nkhani imodzi, ya makampani akuluakulu omwe masiku ano akulemba paliponse kuti katundu wawo saononga chilengedwe, wina wajambula tsamba lobiriwira pa paketi, wina kachule, wina timivi titatu tozungulira tija. Ndasankhapo ochepa, ena nonse pepani malo achepa, tionana mwezi wamawa.

Amalume, ine ndili ndi kagolosale ku Ndirande. Kale zakumwa zimabwera m'mabotolo agalasi, munthu akamwa botolo limabwerera mu kireti, akafuna kupita nalo kunyumba amasiya dipoziti. Pano makasitomala ambiri akufuna za m'mapulasitiki ndipo pa botolopo amalemba kuti likhoza kukonzedwanso nkukhala latsopano. Nanga akulikonzanso ndani poti ine ndimangowaona ali mbwee mu Nasolo ndi m'ngalande mvula ikagwa?
Mayi wa golosale, Ndirande

Mayi, zomwe alemba pa botolopo si bodza ayi. Pulasitiki ya mabotolo a zakumwa, yomwe amaitchula PET, imathekadi kuiphwanya, kuitsuka, kuisungunula nkupangira botolo lina kapena ulusi wa zovala. Vuto ndi loti kuti zimenezo zichitike pafunika munthu wotola, malo ogula zotoledwazo pa kilo, lole yonyamula, fakitale, ndiye wina alipire zonsezo, ndipo wolipirayo ndi amene amasowa. Bungwe la OECD, lomwe limaona za chuma cha maiko, linawerengera kuti padziko lonse zinyalala za pulasitiki zomwe zimakonzedwanso ndi 9 peresenti basi, zotsalazo zimakwiriridwa, kuotchedwa kapena kungotayika ngati zanu za mu Nasolozo.

Titenge Coca-Cola poti ndi yomwe aliyense amaidziwa. Mu 2018 inalengeza kuti pofika 2030 izidzatolera botolo kapena chitini chimodzi pa chilichonse chomwe yagulitsa, mu 2022 nkuonjezera kuti 25 peresenti ya zakumwa zake zizidzagulitsidwa m'mabotolo obweza ngati agalasi anu aja. Anthu anaomba m'manja. Mu Disembala 2024 kampaniyo inatulutsa malonjezo atsopano, chaka chinasuntha kufika 2035, manambala anatsika, ndipo la mabotolo obweza lija silinaonekenso pa mndandanda, linangozimiririka mwakachetechete. Gulu la Break Free From Plastic, lomwe limatola zinyalala m'maiko ambiri nkumawerenga maina a makampani omwe ali pa zinyalalazo, linapeza Coca-Cola pa nambala wani zaka zingapo zotsatizana kuyambira 2018. Tisawanamizire, china anachitadi, m'maiko ambiri botolo la Sprite analisintha kuchoka pa lobiriwira kukhala loyera chifukwa pulasitiki yoyera ndi yomwe imavuta pang'ono kuisandutsa botolo lina. Nde onani zinthu zake, lobiriwira lija ndi lomwe linali lovuta kwa chilengedwe kkkk.

Komwe zimayendako bwino nkomwe pali ndalama kapena lamulo. Ku South Africa makampani a zakumwa ndi opanga mabotolo amasonkha ndalama ku bungwe la PETCO kuyambira 2004, ndipo mu 2021 boma linaika lamulo loti wopanga katundu azilipirira zinyalala zake, nchifukwa chake abale athu ali ku Joni amaona anthu akukoka matrole a mabotolo m'bandakucha, botololo lili ndi mtengo. Ku Germany botolo la pulasitiki lili ndi dipoziti ya masenti 25 a euro, simungalipeze m'ngalande, wina alitola. Kunoko mukukumbukira za majumbo opyapyala? Boma linawaletsa mu 2015, onse omwe kukhuthala kwake sikufika ma micron 60 (micron ndi kamlingo koyezera kupyapyala kwa chinthu), opanga anathamangira kukhoti kukatenga ziletso, khoti la Supreme linagamula mu 2019 kuti chiletso cha boma chiime, komabe majumbo anapitirira kutuluka, mpaka mayi wa kuno Gloria Majiga-Kamoto analandira mphoto ya zachilengedwe ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbana ndi nkhani yomweyi. Ine zimenezi zinandiphunzitsa kuti kampani siisintha chifukwa yagona tulo nkulota mitengo, imasintha lamulo likaluma kapena ikaona kuti kusinthako kuli ndi phindu.

Ndiye kireti yanuyo musaichite manyazi mayi. Botolo lagalasi limazungulira kambirimbiri lisanasweke, ndipo amayi a thobwa omwe amatsuka mabotolo apulasitiki nkugulitsiramo akugwira kale ntchito yomwe mabwana amakadzitama nayo pa misonkhano ya m'mahotela.

Amalume, ndagula foni yatsopano yodula ndithu, kutsegula bokosi muli foni ndi kachingwe basi, mutu wa chaja mulibe. Wa mushopu akuti kampani ikuteteza chilengedwe, ndikagule padera. Si kutibera uku?
Mphwanu, Johannesburg

Mphwanga, kuteteza chilengedwe kulipo pang'ono, kusunga ndalama zawo kulipo kwambiri. Anayamba ndi a Apple mu 2020 pa iPhone 12, a Samsung poyamba anawaseka pa Facebook koma mu 2021 nawonso anachotsa. Mfundo yawo ndi yoti anthu a m'maiko olemera ali ndi machaja odzaza dilowa, ndipo bokosi likachepa amalongedza mafoni ambiri mu ndege imodzi, zomwe ndi zoona. Koma mtengo wa iPhone sunatsike, ndipo iwe amene ulibe dilowa la machaja ukagula wina wobwera m'bokosi lakelake, kapena ukagula wa feki pamsika woti akuphera batire miyezi ingapo, nde chilengedwe chapindula pati pamenepo? Boma la Brazil silinamve zimenezo, mu 2022 linalipitsa Apple chindapusa chifukwa chogulitsa foni yopanda chaja.

Chomwe chinathandizadi ndi lamulo la European Union, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, loti kuyambira kumapeto kwa 2024 mafoni onse atsopano azikhala ndi kabowo kamodzi ka USB-C, ndipo a Apple omwe anakana kwa zaka anasintha pa iPhone 15 mu 2023. Pano chaja mmodzi akhoza kuzungulira nyumba yonse. Iweyo ngati ukufuna kuthandiza dziko komanso thumba lako, foniyo ikhalitse. Utsi wambiri wa foni umatuluka poipanga ku fakitale osati poitchaja, ndiye batire ikafooka kasinthitse, sikirini ikasweka pita nayo kwa amisiri, osati chaka chilichonse yatsopano kuti akuone pa Facebook.

Amalume, kumudzi kwathu kunabwera anthu a bungwe lina, anatimangira mbaula zosatha nkhuni ulere, koma anatijambula zithunzi, kulemba nambala pakhoma la khitchini ndi kutisainitsa pepala lachingerezi. Amabwerabwera kudzafunsa ngati tikuphikirabe. Ena m'mudzi muno ayamba kunena kuti nzausatana, apongozi anga akuti chaulere kulibe. Kodi iwowo amapindula chiyani?
Mayi wa ku Mchinji

Mayi, a m'mudzimo auzeni kuti zausatana palibe, koma apongozi anu alasa, chaulere kulibedi. Nkhani yake ili chonchi. Mbaula yoteroyo imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu, nkhuni zikachepa mitengo yodulidwa imachepa ndipo mpweya wa kaboni wopita kumwamba, womwe ukusokoneza nyengo, umachepanso. Ndiye pali anthu owerengera kuti mbaula imodzi yapulumutsa mpweya wochuluka bwanji pachaka, tani imodzi iliyonse imasanduka chiphaso chimodzi chomwe amati carbon credit, mabungwe ngati Verra ya ku America kapena Gold Standard ya ku Switzerland amadinda kuti nzoona, kenako chiphasocho chimagulitsidwa m'madola ku makampani a ndege, a mafuta, mabanki ndi ena otero, iwowo nkumalemba m'malipoti awo kuti utsi wathu taufafaniza. Zithunzi ndi nambala ya pakhoma ndi umboni woti mbaulayo ilipo, kubwerabwera kuja ndi kufuna umboni woti ikugwira ntchito, ndipo mapepala oterewa nthawi zambiri amakhala ndi ndime yonena kuti ziphaso zochokera pa mbaula yanu mwazipereka kwa iwowo. Mwachidule inuyo si wopemphetsa pa nkhaniyi, katundu amene akugulitsidwayo akupangidwira pa khitchini panu.

Sindikunena kuti muigumule ayi. Mbaulazo nzabwino, utsi m'maso ndi m'chifuwa umachepa, maulendo a kunkhuni amachepa, ndipo dziko lathuli pafupifupi nyumba iliyonse imaphikira nkhuni kapena makala, aliyense amene wadutsa ku Dzalanyama akudziwa mmene mitengo yathera. Pomwe pamavuta ndi pa masamu. Akalemba kuti mumaphikira mbaulayo yokhayokha pomwe nsima ya anthu ambiri, madzi osamba ndi thobwa mumabwerera nazo pa mafuwa, ndiye kuti ziphaso zachuluka kuposa mpweya womwe wapulumukadi, ndege ija ku Ulaya ikuulukabe nkumatulutsa utsi wake wonse koma pa pepala zikuoneka zoyera. Mu Januwale 2023 nyuzipepala ya The Guardian pamodzi ndi atolankhani ena inafufuza ziphaso za nkhalango zodindidwa ndi Verra nkupeza kuti zoposa 90 peresenti mwa zomwe anaziunika sizimaimira mpweya weniweni wopulumutsidwa, a Verra anakana koma msika unagwedezeka. Ku Zimbabwe pulojekiti ya nkhalango ya Kariba inagulitsa ziphaso ku makampani ngati Volkswagen, Gucci ndi Nestlé, kenako zinadziwika kuti manambala anakwezedwa, ndipo kampani ya South Pole yomwe imagulitsa ziphasozo inatulukamo chaka chomwecho. Pa mbaula penipeni, mu 2024 boma la America linatsegulira milandu akuluakulu ena akale a kampani ya C-Quest Capital, yomwe inagawa mbaula m'maiko angapo kuphatikizapo kwathu kuno, powaganizira kuti ankasintha manambala kuti ziphaso zichuluke.

Nde akabweranso musaope, apatseni mpando, koma afunseni pamaso pa amfumu kuti pepala lija alimasulire m'Chichewa ndipo akusiyireni kope, mbaula ikang'aluka akonza ndani, komanso pa ndalama za ziphasozo mudzi upezapo chiyani. Akakufunsani za kaphikidwe nenani zoona, ngati mafuwa mukuwagwiritsabe ntchito nenani, osawasangalatsa.

Achimwene, mwana wanga ali ku UK wanditumizira chithunzi cha mapaketi a tiyi, ina ili ndi kachule kobiriwira ina yalembedwa Fairtrade, akuti azungu amagula mokwera kuti alimi tipindule. Ine ndine mlimi wa tiyi, ndalama zimenezo zimadzera kuti?
Bambo wa ku Mulanje

Bambo, zizindikiro ziwirizo nzosiyana. Kachule ndi ka Rainforest Alliance, kamatanthauza kuti munda kapena esiteti inayenderedwa nkuona ngati sakudula nkhalango, sakulima mpaka m'mbali mwa mtsinje, sakupopera mankhwala oletsedwa, opopera ali ndi zovala zodzitetezera ndipo sakulemba ana ntchito. Kanafala kwambiri pa tiyi kuyambira 2007 pomwe Unilever, yomwe nthawi imeneyo inali mwini wa Lipton, inalonjeza kuti tiyi wake azichokera m'minda yoyenderedwa chonchi, ndiye maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje omwe amafuna msika wakunja sakanachitira mwina koma kutsatira. Fairtrade ndi yomwe imakamba kwambiri za ndalama, pa kilo iliyonse ya tiyi pamakhala kapamwamba ka masenti 50 a dola, koma sikalowa m'thumba la mlimi mmodzimmodzi ayi, kamapita ku bungwe la alimi ndipo mamembala amavota chochita nako, mijigo, midadada ya sukulu, milatho, zoterozo. Alimi a tiyi a bungwe la Sukambizi kwanu ku Mulanje konko ndi alimi a nzimbe a Kasinthula ku Chikwawa ndi ena mwa omwe akhala mu ndondomeko imeneyi.

Pali zinthu ziwiri zomwe pa paketi salemba. Kilo yomwe akunenayo ndi ya tiyi wouma wotuluka mu fakitale, ndipo kuti atuluke kilo imodzi pamalowa makilo anayi kapena asanu a masamba omwe inu mumathyola. Chinanso kapamwambako kamabwera pa tiyi yekhayo amene wogula wavomera kumugula pa mfundo za Fairtrade, wotsalayo ngakhale walimidwa m'munda womwewo amapita pa mtengo wamba ngati wa ku okushoni ya ku Limbe. Za malipiro a othyola m'maesiteti nazo nzina, mu 2015 makampani ogula ndi olima anagwirizana pa ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yoti pofika 2020 wantchito azilandira zokwanira kukhalira moyo, malipiro anakwerako koma pomwe ankafuna sanafikepo. Ndipo chizindikiro si mlonda wa usana ndi usiku, ku Kenya mu 2023 atolankhani a BBC anaulula kuti amayi amagwiriridwa ndi makapitawo kuti apeze ntchito m'maesiteti omwe anali ndi kachule komweko, mpaka a Rainforest Alliance anaimitsa ziphaso za maesitetiwo nkhani itatuluka kale.

Ngati muli membala wa bungwe la alimi, pa msonkhano waukulu wa pachaka imikani dzanja mufunse kuti makilo angati anagulitsidwa pa Fairtrade, ndalama zinabwera zingati ndipo zinagwira chiyani. Ndi ufulu wanu, mabuku amenewo sayenera kukhala achinsinsi.

Amalume, ndimayendetsa taxi mu Lilongwe, ndikufuna kuitanitsa galimoto ku Japan. Anzanga pa renki akuti ndigule Aqua kapena hybrid ina iliyonse, ena akuti ndidikire zamagetsi. Zoti sizimwa mafuta komanso siziononga mpweya nzoona kapena ndi malonda chabe?
Dalaivala, Lilongwe

Aise, ya hybrid, yoyendera mafuta ndi magetsi pamodzi, ndi yeniyeni, imeneyo ndikuikira kumbuyo. Toyota inatulutsa Prius mu 1997, Aqua mu 2011, ndiye si zoyeserera. Ukaponda buleki mphamvu yomwe ikanangotayika imalowa mu batire, ukaima pa mzere wa magalimoto pa mlatho wa ku Old Town injini imazima yokha, ponyamuka imakankha ndi mota yamagetsi, nchifukwa chake m'tauni imamwa pang'ono zedi, pa M1 ulendo wautali kusiyana kwake sikukhala kwakukulu choncho. Ndi mmene mafuta amasowera kuno ndi mizere ya pa filing'i, zimenezo si zazing'ono. Chenjera pa batire yaikulu ija, imakalamba ndipo kusintha si ndalama yamasewera, ikafika uipititse kwa makaniko amene ali ndi kompyuta yoyezera, komanso Aqua ndi yotsika, misewu ya m'makwalala nthawi ya mvula uziyenda nayo mwaulemu.

Koma kukayikira kwako pa makampani a magalimoto kuli ndi maziko. Volkswagen inkatsatsa dizilo yake ku America kuti ndi yoyera, mu 2015 zinaululika kuti m'magalimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse anaikamo pulogalamu yozindikira kuti pano ndikuyezedwa, nkuchepetsa utsi nthawi yomweyo, ikabwerera pamsewu utsi wapoizoni umakwera mpaka maulendo 40 kuposa mlingo wololedwa. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Zinawadyera ndalama zoposa ma euro 30 biliyoni, ndipo anawagwira ndi ofufuza oima paokha omwe anakayeza pamsewu, osati kampaniyo kulapa yokha.

Zamagetsi zenizeni zilibe ekizozi ndipo kwathu kuno zingakhale zoyera kuposa ku South Africa komwe magetsi ambiri ndi a malasha, ife athu ambiri ndi a madzi a mu Shire, Nkula, Tedzani, Kapichira, kuphatikizapo sola ya ku Salima ndi Golomoti. Koma taxi ndi ya tsiku ndi tsiku, malo otchajira ndi ochepa, ndipo ukukumbukira mdima womwe unabwera namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Ine ndikanati yamba ndi hybrid. Uzidziwanso kuti galimoto yoyera kwa woikwera fumbi lake limagwera kwina, mwala wa cobalt wambiri wa m'mabatire amakumbidwa ku DRC, ndipo nkhaniyi ikutiyandikira, ku Kasiya m'boma la Lilongwe lomweli kuli miyala ya graphite ndi rutile komwe kampani ya migodi ya Rio Tinto inalowetsako ndalama mu 2023, ku Kangankunde ku Balaka kuli miyala yopangira maginito a mota zamagetsi, nde anthu a kumeneko za minda yawo, madzi ndi chipukuta misozi azifunsiratu pano. Paja petulo amene ukuthira kale amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, dziko lino linayamba zimenezo mu 1982, anthu asanayambe nkomwe kujambula masamba pa mapaketi.

Amalume, kuno shopu ina ya zovala ili ndi bokosi loponyamo zovala zakale, ukaponya amakupatsa kavocha, akuti amapangira zovala zatsopano. Kodi si zomwezi zimafika kwathu ngati kaunjika?
Mdzukulu wanu, Leeds

Mdzukulu, zambiri ndi zomwezo. Makampani a zovala ngati H&M anayamba mabokosi amenewa mu 2013, koma kusandutsa chovala chakale kukhala chatsopano nkovuta chifukwa nsalu zambiri ndi thonje losakaniza ndi poliyesita, kulekanitsa kwake ndi ntchito, moti bungwe la Ellen MacArthur Foundation linapeza mu 2017 kuti zomwe zimasandukadi zovala zatsopano sizifika ndi 1 peresenti yomwe. Zotsalazo amazisankha, zabwino zimamangidwa mabelo nkubwera kuno, zina zimakhala zopukutira makina, zina zimaotchedwa. Kaunjika amativeka ndipo akudyetsa mabanja ambiri, zimenezo sindingatsutse, koma funsani aliyense amene anatsegulapo belo akuuzani kuti pansi pake pamakhala zosagulitsika, ndipo ku msika wa Kantamanto ku Accra m'dziko la Ghana a bungwe la Or Foundation akuti mwa zovala pafupifupi 15 miliyoni zofika pa sabata, 40 peresenti zimathera kudzala. Kavocha kaja nako ntchito yake ndi yoti mugule china chatsopano musanatuluke mushopumo. Mu 2022 boma la Netherlands linapanikiza H&M ndi kampani ya zovala zamasewera ya Decathlon chifukwa cha mawu okometsera a zachilengedwe opanda umboni womveka, ndipo onse awiri anavomera kusintha kalembedwe kawo.

Zabwinobwino zomwe zakuchepani patsirani munthu wobwera kumudzi kapena ikani mu diramu lotumiza kuno, zifike kwa mwini wake osadzera pa belo, zong'ambika musatitumizire chonde. Ndipo ngati pali jekete labwino la munthu wamimba pang'ono, adilesi ya magazini ino mukuidziwa.